THUPI LA MWANA NALONSO NDI AMANAH

Khutba ya Lachisanu, Domasi, m'boma la Zomba

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini kulenga ndi kudyetsa zolengedwa zake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W), pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira tsiku la Kiyama. Ndikudzilangiza ndekha, kenako inu abale anga m'Chisilamu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Lero ndikufuna tikambe za ana athu, koma osati za kawerengedwe kawo ka Qur'an kapena za mayeso awo a Sitandade 8. Tikambe za matupi awo: zimene akudya, mmene akusewerera, ndi ngozi zimene zikuwadikira pakati pa sukulu, madrasa ndi pakhomo. Alipo amene angadabwe kuti nkhani ya ndiwo ndi mpira yakwera bwanji pa mimbari. Mwana ndi amanah, chinthu chimene tasungitsidwa, ndipo Amene anatisungitsayo sanatipatse mzimu wokha. Anatipatsa mwana wamphumphu, wa mafupa, magazi ndi ubongo, ndipo tidzafunsidwa za zonsezo. M'mahadith amene anasonkhanitsa Imam Muslim timapezamo kuti Mtumiki (S.A.W) anayamikira mphamvu mwa munthu wokhulupirira. Mphamvu imeneyi siyamba munthu atamera ndevu. Imayambira m'mbale ya mwana.

Ofesi ya boma yoona za kalembera, National Statistical Office, yomwe likulu lake lili mu Zomba momuno, inapeza pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mu 2010 anali 47, kusonyeza kuti vutoli limatheka kulichepetsa. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana aang'ono 63 mwa 100 aliwonse anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Kupinimbira si kufupika kwa kumtundu monga timadzitonthozera. Ndi thupi limene linasowa chakudya choyenera pa nthawi imene linkamangidwa, makamaka kuyambira mwana ali m'mimba kufikira zaka 2, ndipo chimene chachitikira msinkhu chimachitikiranso ubongo. Amwalimu athu amazidziwa bwino zimenezi. Pali mwana amene amangosinza pa mkeka, surah yaifupi imamutengera mwezi wathunthu, ndipo ife timathamangira kumutcha waulesi, mwina mpaka kumuthyolera kamtengo. Tisanatero, tiyambe tafunsa chimene wadya kuyambira m'mawa.

Chomvetsa chisoni nchakuti ife a m'chigwa chino sitikhala m'chipululu. Mtsinje wa Domasi umatsika kuchokera kumapiri a Zomba ndi Malosa, nkudutsa m'madimba mwathu, nkuthirira mpunga kumunsiku usanakathire m'nyanja ya Chilwa. Pompano pali National Aquaculture Centre, malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba za m'madamu monga makumba, chilunguni ndi mlamba. Pompano pali Malawi Institute of Education, kumene amakonza masilabasi ndi mabuku a ana asukulu a dziko lonse, komanso Domasi College of Education, kumene amasula aphunzitsi. Nzeru za kadyedwe zimalembedwa pakhomo pathu, nkukwera galimoto kupita ku Chitipa ndi ku Nsanje, koma mumphika mwathu sizinalowebe. Inunso abale a ku Mangochi, Makanjira, Salima ndi Nkhotakota amene mudzawerenge mawu awa, nsomba imene dziko lonse limadya imatuluka m'manja mwanu. Funsani kuti imene imatsala pakhomo ndi yochuluka bwanji.

Pa nkhani ya chakudya Asilamu ndife osamala, ndipo Alhamdulillah. Sitigula nyama tisanafunse amene wazinga. Koma Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Baqarah ndime 168, inatchula zinthu ziwiri pamodzi, halal ndi twayyib, kutanthauza chololedwa ndi chabwino. Ife tinagwira loyambalo, lachiwirilo tinalisiya. Paketi ya zokhwasula za mchere ndi utoto ndi halal. Mafirizesi ndi halal. Tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta amene adetsedwa ndi moto wa sabata yonse nachonso ndi halal. Koma mwana amene nkhomaliro yake ndi imeneyi tsiku ndi tsiku sitinganene kuti tamudyetsa twayyib.

A zaumoyo m'dziko muno amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo palibe gulu ngakhale limodzi limene lifunika kuligula ku Blantyre. Zokhutitsa ndiye nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata. Gulu la nyemba ndiye nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza. Kenako zochokera ku nyama, monga matemba, usipa, mazira ndi mkaka, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi zamafuta, zomwe mtedza womwewo ndi mapeyala zimapereka. Vuto lathu ndi lakuti tinatenga gulu loyamba nkulisandutsa chakudya chonse. Mwana akamaliza mitanda iwiri ya nsima timati wadya, ngakhale atapisa m'madzi a mchere ndi tomato mmodzi. Ndipo nsimayonso timaifuna ya ufa woyera, umene taukonola ndi kuuviika mpaka zabwino zake zambiri zinatsalira m'madeya opatsa nkhuku. Mgaiwa tinauchitira manyazi, timati ndi wa kusukulu yogonera kapena wa kundende, chonsecho ndi umene uli ndi chakudya chambiri.

Taonani zimene makolo athu ankadziwa asanamve dzina la vitamini. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa ndi chigwada zimamera ngakhale kuseri kwa nyumba, ndipo zikathiridwa nsinjiro mbale imodzi imakhala ndi magulu atatu. Nthawi ya dzinja amayi ankafutsa masamba kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Matemba ndi usipa, popeza timadya ndi minga yomwe ndi mitu yomwe, zimalimbitsa mafupa a mwana kuposa nsomba yaikulu imene timangodya mnofu. Nsomba zazing'onozi mukhoza kuziwamba, kuzisinja, nkuthira supuni imodzi m'phala la mwana. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, ili ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi, ndipo futali wake ana sakana. Mchere ukhale wa ayodini. Ndipo amayi dziwani ichi: tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi amene amapanga magazi, pamene gwafa, papaya, bango la mango kapena lalanje zimathandiza. Mwana wochepa magazi mpatseni chipatso akatha kudya, tiyi adzamwa nthawi ina.

Tsopano ndilankhule ndi abambo, chifukwa ndi amene mwadzaza mizere yakutsogoloyi. Ndani amadya mutu ndi mnofu wa nsomba pakhomo panu, ndipo ndani amapatsidwa msuzi? Dzira la nkhuku yanu limathera kuti, m'phala la mwana kapena pamsika wa Songani? Mtedza ndi nandolo tikakolola timagulitsa mpaka thumba lomaliza, ndalama yake nkugulira mayunitsi, kenako mu Januwale timakagula nandolo yemweyo pa mtengo wowirikiza. Abale athu ali ku Joni amatumiza ndalama atazivutikira usiku ndi usana. Malata timakhoma, foni timagula, koma mbale ya mwana imangosintha pokhala ndi botolo la zakumwa za shuga pambali. Kusamalira banja kumene Shariah inaika pa bambo si kukhutitsa mimba kokha. Ndipo musaiwale kuti nyanja si nkhokwe yosatha: Chilwa inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linasanduka matope, mabwato ali gone pouma. Banja limene ndiwo yake ndi nsomba yokha, chaka chotero ana ake ndi amene amayamba kunyentchera. Nkhuku zingapo, mzere wa nandolo m'munda ndi mtengo wa papaya pakhomo ndi chitetezo cha masiku amenewo.

Mbali inayo ya vuto lomweli ndi kudya mopyola muyeso, kumene Surah Al-A'raf ndime 31 inatichenjeza. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Matendawa, pamodzi ndi a shuga, amakonzeredwa njira paubwana, pamene lilime likuzolowera mchere wambiri ndi masupuni anayi a shuga m'kapu imodzi. Ngakhale futari yathu ya m'mwezi wa Ramadhan, kunena zoona, nthawi zina imakhala phunziro loipa kwa ana: tsiku lonse taphunzitsa kudziletsa, dzuwa likangolowa tebulo ladzaza zokazinga ndi zotsekemera zokhazokha.

Nanga tichite chiyani? Tinazolowera kuti nkhani zotere zimabwera ndi galimoto yoyera, anthu ake atanyamula mapepala ndi malipiro a msonkhano. Mabungwe ena achitadi zazikulu. A Mary's Meals anayamba kuphikira ana phala m'dziko muno mu 2002, ndipo taona ndi maso athu mmene phala limakokera ana kusukulu. Koma tisaiwale kuti ophika phala limenelo, otunga madzi ndi otola nkhuni, ndi amayi a m'midzi momwemo, ongodzipereka. Ife tili nacho kale chimene mabungwe amachisowa. Palibe bungwe limene lingasonkhanitse ana a mudzi wonse masana aliwonse, chaka chonse, popanda kulipira kanthu. Madrasa imatero. Ana alipo, amwalimu alipo, makolo amatikhulupirira, bwalo lilipo, ndipo nthawi zambiri mjigo kapena chitsime cha wudhu chili pomwepo.

Choncho pempho langa kwa makomiti a mizikiti ndi ili. Madzi a wudhu amene amangotayikira pansi kasanu pa tsiku alondoleredwe ku kadimba ka madrasa, ana adzale okha bonongwe, mpiru, mbatata yofiira ndi mitengo ya mapapaya, ndipo gulu lililonse likhale ndi bedi lake. Mwana amene wathirira yekha ndiwo sazinyoza zikafika m'mbale. Nthawi yokolola khomo lililonse lipereke ndowa yaing'ono ya chimanga, soya kapena mtedza monga swadaqa, kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, ana amwe phala asanayambe kuwerenga. Kamodzi pa mwezi amayi odziwa kuphika aphunzitse atsikana ndi anyamata omwe, inde, anyamata omwe, pakuti ambiri a iwo adzakhala kudoko kapena ku Joni akudziphikira okha, ndipo Mtumiki (S.A.W) ankathandiza ntchito za pakhomo pake. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amene boma linaika m'madera mwathu tiwaitane, akhale Asilamu kapena ayi. Sadzatiphunzitsa swala, adzayeza ana athu ndi kutiuza zimene ife sitingazione.

Za masewero ndinena mwachidule, chifukwa ana safuna kukakamizidwa kusewera, amangofuna kuti tisawaletse. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kugwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 60 pa tsiku. Kale izi zinkachitika zokha, ndi chipako, fulaye, jingo ndi mpira wachikulunga. Lero anyamata ambiri amathera madzulo m'zipinda zoonetsera mafilimu kapena atawerama pa foni, ndipo kumeneko ndi kumene fodya, chamba ndi juga zimawapeza. Chisilamu sichidana ndi masewero. Mtumiki (S.A.W) anapikisanapo liwiro ndi mkazi wake, mayi wathu Aisha (R.A), ndipo Ahabasha anasewera ndi mikondo yawo mu mzikiti wa ku Madina iye akuonerera. Tiyeni tikhale ndi ola la mpira pakati pa Asr ndi Maghrib, munthu wamkulu ali pomwepo, ndipo adhana ikamveka mpira uime. Atsikana tisawasiye. Kunena kuti mtsikana amalimbitsa thupi ndi mtondo ndi ndowa ya madzi ndi kumunamiza; ntchito ndi ntchito, masewero ndi masewero. Apatsidwe bwalo lawo, tsiku lawo, zovala zawo zaulemu ndi amayi owayang'anira, asewere mpira wamanja momasuka.

Ndafika pa nkhani imene imandilemera kwambiri, chifukwa ife mashehe ndi amene timaima kutsogolo kwa jeneza laling'ono. Mwana akamira, kapena akagundidwa pa msewu, timati linali tsiku lake. Qadar ndi yoona ndipo timaikhulupirira. Koma Mtumiki (S.A.W) yemweyo anamulamula mwini ngamila kuti ayambe waimanga, kudalira Allah kubwere chingwe chili m'khosi. Kudalira Allah sikunakhalepo dzina lina la kusasamala.

Madzi ndiwo oyamba. Mtsinje wathuwu umaoneka wofatsa, koma mvula ikagwa kuphiri umadzaza mwadzidzidzi ngakhale kuno kusanagwe dontho. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatisonyeza mphamvu ya madzi otsika m'mapiri. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo chino cha kummwera. Mwana aliyense wa madrasa adziwe kuti madzi ofiira, othamanga, ofika m'mawondo sawoloka, ngakhale achedwe kusukulu, ndipo amwalimu asalange mwana amene wajomba chifukwa mtsinje unadzaza. Adziwenso kuti mnzake akamamira sadumphiramo, pakuti womira amakakamira ndi kumiza womupulumutsa, ndipo maliro amakhala awiri. Akuwe, atambasule nsungwi kapena chitenje iye atagona pamtunda, kapena aponye chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chimene chimayandamitsa munthu. Kunyanja, kubadwira pagombe sikutanthauza kudziwa kusambira. Asodzi odziwa aphunzitse ana pamalo osaya, odziwika kuti kulibe ng'ona, ndipo mwana wamng'ono asakwezedwe bwato lopita pakati nthawi ya mwera, kaya ndi lokapha usipa usiku.

M'madzi momwemo muli mdani wina wosaoneka, likodzo. Mwana wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa nkulowa mu nkhono. Kuchokera mu nkhonomo timatuluka tizilombo timene timaboola khungu la aliyense wosamba kapena kuchapa pamenepo. Alipo amene mpaka lero amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Ayi, akudwala, magazi ake akutha, ndipo chikhodzodzo ndi impso zake zikuonongeka pang'onopang'ono. Mankhwala ake, praziquantel, a zaumoyo akabwera nawo kusukulu musawabise ana. Muwadyetse kaye chakudya kuti mankhwalawo asawazunguze. Ndipo onani chifundo cha Shariah: Mtumiki (S.A.W) analetsa kukodza m'madzi odikha zaka zoposa 1,400 zapitazo. Lamulo limeneli likanasungidwa pagombe lililonse, unyolo wa likodzo ukanaduka. Chimodzimodzinso kolera, amene anayambira ku Machinga kwa anansi athu mu Malichi 2022 ndipo pofika mu 2023 anali atapha anthu oposa 1,700. Timaphunzitsa ana istinja, ndipo nzabwino, koma tiwonjezere kuti pambuyo pake manja asambidwe ndi sopo, ndiponso kuti tileke kusambira m'manja m'beseni limodzi anthu khumi pa sadaka ndi pa ukwati. Madzi azithiridwa kuchokera m'jagi. Mwana aliyense wamkulu adziwe kusungunula paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo.

Msewu wa Zomba kupita ku Liwonde umadutsa pakati pathu, ndipo ana athu amauwoloka kawiri kapena kanayi pa tsiku. Aphunzitsidwe kuyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, ndi kusatulukira kutsogolo kwa minibasi imene yaima. Madrasa imene ili m'mbali mwa msewu isankhe akuluakulu awiri owolotsa ana poweruka, ndipo iweruke kusanade. Anyamata athu a kabaza wa njinga zamoto, ambiri a inu muli mu mzikiti muno: rizki lanu ndi la halal ndipo Allah alidalitse, koma chipewa chotetezera mutu si chokongoletsera chiwongolero, ndipo ana anayi panjinga imodzi si chifundo kwa makolo awo.

Pakhomo napo pali moto. Nyumba ina itapsa ku Madina usiku, Mtumiki (S.A.W) analamula kuti moto uzizimitsidwa pogona. Kandulo, koloboyi ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zatenga miyoyo yambiri. Utsi wa makala sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso. Mwana akapsa ndi phala kapena madzi otentha, thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20 nkuthamangira naye kuchipatala. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi. Parafini ndi mankhwala a mbewu asasungidwe m'mabotolo a zakumwa.

Ndikudziwa kuti amwalimu ena ati nthawi ya madrasa ndi yochepa kale, ndipo ambiri a iwo amagwira ntchito yaikuluyi ndi malipiro osakwanira ngakhale thumba la chimanga. Nzoona, ndipo nchifukwa chake katunduyu sitikumusenzetsa mwalimu yekha. Mphindi 15 kawiri pa sabata, ndi Loweruka limodzi pa mwezi, nzokwanira poyambira, ngati ophunzitsa ali makolo eni ake. Allah atipatse ana athanzi ndi oopa Iye, achiritse odwala athu, ndipo awachitire chifundo ana amene tinawaika m'manda.

Tikatha swala, ndikupempha kuti a komiti atsale. Atsalenso amene mumadziwa kusambira bwino, amene muli ndi dimba kapena damu la nsomba, ndi anyamata a kabaza, kuti tilembe maina ndi masiku amene aliyense angapezeke. Amayi achite chimodzimodzi kumbali yawo, ndipo asankhe awiri odzakumana ndi komiti Lachisanu likudzali. Amene muli ndi mbewu ya mbatata yofiira, bwerani nayo mtolo umodzi.